Abwana akuti malonda ndi m'maso

Malume,

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimagwira ntchito m'sitolo ina yogulitsa mafoni, ma TV, masola ndi zina zamagetsi kuno ku Limbe. Ntchitoyi ndinaipeza movutikira nditakhala nthawi yaitali pakhomo chilembereni mayeso a Fomu 4. Malipiro ndi ochepa, koma timalandira komishoni pa chilichonse chomwe tagulitsa. Komishoniyo ndiyo imandilipirira lendi, fizi ya mlongo wanga, ndi kangachepe kotumiza kwa mayi kumudzi.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi kagulitsidwe kathu. Kuseri kwa sitolo kuli makina omatira pulasitiki. Mafoni ena amabwera atagwira kale ntchito kunja, ena atasinthidwa sikirini kapena batire. Ife timawapukuta, kuwaika m'bokosi, kumata, n'kumauza anthu kuti ndi atsopano. Tili ndi ma memory card olembedwa 64GB omwe tonse tikudziwa kuti safika pamenepo. Kasitomala akamakayikakayika timamuuza kuti "yatsala yomweyi" pomwe makatoni ali mbwee kuseri, kapena timati "tengani lero, mawa ikwera, dola yasowa." Mafoni a ngongole timangotchula ndalama ya patsiku, zina zonse azikadzionera yekha.

Mwezi watha kunabwera mayi ena achikulire ochokera ku Thyolo. Ankafuna sola yoti aziunikira m'nyumba komanso kutchajira anthu mafoni kuti azipezerapo ya ndiwo. Ndinawagulitsa batire ndi panelo yolembedwa 200W, ndikudziwa bwinobwino kuti siifika ngakhale theka la mphamvuyo. Patapita milungu itatu anabwerera kudzadandaula kuti batire silikudzaza. Abwana anangowalozera chikwangwani cha pakhoma choti katundu akatuluka sabwezedwa. Mayiwo sanakalipe ayi. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, si iwe unandiuza kuti ndi yamphamvu?" Chichokereni tsiku limenelo tulo sindikutiona.

Abwana amati malonda ndi m'maso, wogula azisamala yekha, ndipo sitolo zonse mumsewu muno zikuchita zomwezi. Anzanga akuti ndikudziyesa woyera, chilungamo sichilipira lendi. Kodi ndine wolakwa pomwe ndikungochita zomwe ndauzidwa? Ndisiye ntchito? Nanga ndikasiya tidya chiyani?

Ndine Wosauka Mtima, Limbe.

Mphwanga,

Wafunsa ngati uli wolakwa, ndipo sindikuzunguliza. Inde, pa nkhani ya mayi a ku Thyolo aja unalakwa, ndipo iwe mwini ukudziwa, n'chifukwa chake tulo takuthawa. Abwana ako ndi olakwa koposa. Ndiwo anaoda katunduyo akudziwa chomwe ali, ndiwo anagula makina omatira, ndiponso ndiwo amatenga gawo lalikulu la phindu. Koma mawu oti "ndi yamphamvu" anatuluka pakamwa pako, ndipo mayiwo anatulutsa ndalama atamva iwe. Zosiya ntchito ndi nkhani ina, yosafunika phuma. Ndifikako.

Tiyambe ndi mwambi umene abwana ako abisalako. Ndi mawu a makolo athu ndithu, ndipo ali ndi malo ake. Anabadwira pamsika pomwe maso amagwiradi ntchito. Mbuzi umaiona nthiti, chimanga umachiluma kuti umve ngati chauma, nsalu umaikoka. Pamenepo wogula ndi wogulitsa amadziwa pafupifupi zofanana, ndipo wogula akatenga mbuzi yowonda akuiona, alibe womuloza chala. Tsono tenga memory card imodzi mwa zomwe mukugulitsazo. Mkati mwake muli kachipangizo kamene kanakonzedwa dala kuti kazinena kuti malo ndi 64GB, pomwe malo enieni mwina ndi 8GB. Wogula wochenjera akuti tayikani m'foni ndione, iwe n'kuika, foni n'kuonetsadi 64GB. Maso ake agwira ntchito yawo yonse, ndipo chomwe aona ndi bodza. Zithunzi zoyamba zimasungika bwinobwino. Malo enieniwo akadzaza, kakhadiko sikakana, kamangolandirabe, koma kakulemba pamwamba pa zakale kapena kungotaya zatsopanozo. Maina a zithunzi amaonekabe pamndandanda, koma ukatsegula mulibe kanthu. Munthu amadzazindikira patapita miyezi, tsiku lomwe akufuna zithunzi za chinkhoswe chake, kanema wa maliro a bambo ake, kapena manotsi a mayeso. Chomwe wataya pamenepo sungamubwezere ngakhale utamupatsa ndalama zake zonse.

Katundu wa m'sitolo mwanu pafupifupi yense ali choncho. Mphamvu ya panelo siioneka, msinkhu wa batire la foni suoneka, chomwe chili mkati mwa TV sichioneka. Munthu akalowa pakhomo lanu, chomwe angadalire ndi zolembedwa pabokosi ndi mawu a mnyamata wa pakauntala. Choncho chimene mayi aja analipira ndi mawu ako. Anabwera kwa iwe chifukwa iwe umadziwa zomwe iwo sadziwa, ndipo kusadziwa kwawo komweko ndiko unawadyera nako masuku pamutu.

Iwe ndiwe mwana wakumudzi, ukudziwa zomwe zimachitika nthawi yokolola. Mayi ako amasenza thumba la soya kapena mtedza kupita kwa mavenda, thumba loti kunyumba akulidziwa kulemera kwake, koma likakwera pasikelo ya venda makilogalamu angapo n'kusowa. Venda uja nayenso akhoza kunena kuti malonda ndi m'maso, sikelo munaiona nokha mayi. Kodi ukamva zimenezo umati venda ndi katswiri wa malonda? Umati ndi mbava. Panelo yolembedwa 200W pomwe ikutulutsa 70W kapena 80W ndi sikelo yomweyo, kungoti yaikidwa m'sitolo ya magalasi. Nkhani ya miyeso yachinyengo ndi yakalekale: Baibulo ndi Korani onse amaidzudzula, ndipo kuno kwathu a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo pa chifukwa chomwechi.

Usamve ngati ndikuti wamalonda aliyense wolankhula mokometsa ndi wabodza. Kutchula mtengo wokwererako podziwa kuti kasitomala anenerera si chinyengo, pakuti nonse awiri mukudziwa mwambo wake. Kuyamikira katundu wako, kuonetsa munthu foni yodula pomwe anabwerera yotchipa, kumukumbutsa kuti angafunenso kava ndi galasi loteteza sikirini, zonsezo ndi malonda. Ngakhale mafoni ogwirapo kale ntchitowo alibe mlandu. Ambiri ndi abwino, ndipo kwa munthu wa ndalama zochepa foni yokonzedwanso bwino imaposa yatsopano yosalimba. Mlandu ukubwera ndi makina omatira aja. Foni yoti munthu akanaigula mokondwa pamtengo wake, akudziwa kuti batire lake ndi la zaka ziwiri, mukumulipiritsa mtengo wa yatsopano.

Mawu oti "yatsala yomweyi" ambiri amawaona ngati kabodza kosapweteka. Ine sindiwaona choncho. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kumulanda munthu mpata woganiza, wokafunsa sitolo yachiwiri, woimbira mwana wake amene amazidziwa zinthuzi. Oti "mawa ikwera" ndiye amandiwawa kwambiri, chifukwa akuluma pachilonda chenicheni. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo anthu anaona ndi maso awo mitengo ikusintha usiku umodzi. Mantha awo ali ndi maziko. Ngati abwana akuuzadi kuti katundu wotsatira abwera pamtengo wina, kumuuza kasitomala n'kumuthandiza. Koma ukangozipeka kuti atulutse ndalama msanga, ukugulitsa ndi mantha a munthu wovutika kale.

Palinso bodza losatsegula pakamwa, ndipo ndi limene mukuchita pa mafoni a ngongole. Tingoyerekeza kuti mwamuuza munthu kuti azilipira K1,500 patsiku. Kumva kwake ndi kandalama ka m'thumba. Koma kwa chaka chathunthu ndi K547,500, kuwonjezera pa yomwe wapereka poyamba. Mwina ngongoleyo ndi yomuthandizadi, monga wa kabaza amene foni imamubweretsera makasitomala tsiku lililonse. Asankhe yekha, koma asankhe atamva ndalama yonse, atamva mtengo wa foni yomweyo pogula kamodzi, ndiponso atauzidwa kuti akalumphitsa kulipira foniyo itsekedwa. Ukabisa zimenezi podziwa kuti akazimva abwerera m'mbuyo, wamunamiza ngakhale liwu lililonse lomwe walankhula lili loona.

Anzako akuti aliyense akuchita. Nzoona kuti khalidweli lafala, ndipo si la Limbe yokha kapena la sitolo zazing'ono zokha. Ku Britain, kampani yaikulu yogulitsa mafoni ya Carphone Warehouse inalipitsidwa mapaundi 29.1 miliyoni mu 2019 ndi bungwe loyang'anira za ndalama la Financial Conduct Authority. Kuyambira 2008 mpaka 2015 ogulitsa ake ankakakamiza anthu inshulansi ya foni yotchedwa Geek Squad, kuphatikizapo anthu omwe mafoni awo anali otetezedwa kale ndi inshulansi ya nyumba kapena ya kubanki. Ogwira ntchito ankaphunzitsidwa momwe angagonjetsere kasitomala wokana, m'malo mophunzitsidwa kufunsa ngati inshulansiyo akuifunadi. Ku America, sitolo za Office Depot zinkaitana anthu kuti abweretse makompyuta awo adzawayezere ulere. Pulogalamu yoyezerayo inkayamba ndi mafunso anayi, monga ngati kompyuta ikuchedwa, ndipo munthu akangovomera limodzi, lipoti linkatuluka loti yapeza zizindikiro za mavairasi, kaya mulidi kanthu kaya mulibe. Kenako ankamugulitsa ntchito yokonza ya madola mazana. Zinachitika kuyambira 2009 mpaka 2016, pomwe atolankhani a wailesi ya kanema ya ku Seattle anatengerako makompyuta atsopano n'kuuzidwa kuti ali ndi vuto. Mu 2019 Office Depot inavomera kulipira madola 25 miliyoni, ndipo kampani yomwe inapanga pulogalamuyo inalipira madola 10 miliyoni.

Ndakuuza nkhani ziwirizi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, uone kuti chinyengo chotere chimakonzedwa kumwamba. Mwini bizinesi amaika malipiro pansi, komishoni pamwamba, n'kuisiya njala kuti imalize ntchito. Iye salankhula bodza kwa kasitomala aliyense, amangokonza zinthu kuti wolankhulayo akhale iwe. Chachiwiri n'chakuti m'nkhani zonse ziwiri, amene anayamba kuulula anali ogwira ntchito momwemo, omwe mtima unawakana. Kusowa tulo kwakoko si uchibwana monga akunenera anzako. Ndi chinthu chokhacho chomwe chili bwino m'sitolo imeneyo pakali pano.

Udziwenso kuti chikwangwani chomwe abwana analozera mayi aja chilibe mphamvu yomwe iwo akuganiza. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pamalonda, lomwe linalembedwanso mu 2024. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, lakhala likunena mobwerezabwereza kuti wamalonda sangadzichotsere udindo pa katundu wowonongeka kapena wonamiziridwa pongopachika mawu oti katundu sabwezedwa. Kunamiza wogula za mtundu, mphamvu kapena utsopano wa katundu n'koletsedwa, ndipo bungweli limalandira madandaulo ndi kulamula kuti anthu abwezeredwe ndalama zawo. Kulinso bungwe loimira ogula la CAMA. Komanso kupeza ndalama za munthu pomunamiza ndi mlandu wa kupolisi, ndipo zikadzafika poipa, dzina lomwe kasitomala adzatchule ndi la amene anamugulitsa. Abwana oti anatha kulozera mayi wachikulire chikwangwani osachita manyazi, usayembekeze kuti tsiku limenelo adzaima kutsogolo kwako. Adzati mnyamatayu ankanena zake.

Tsono uchite chiyani? Usayambe ndi kalata yosiyira ntchito. Yamba ndi pakamwa pako, mawa lomwe. Palibe amene angakukakamize kutulutsa mawu oti "ndi yatsopano" uli ndi kasitomala awiriwiri. Ukhoza kunena kuti, "Iyi inagwirako ntchito koma ili bwino, tiyeni tiione limodzi." Ukhoza kumulozera memory card yeniyeni ngakhale ili yodulirapo. Makina omatira aja usawagwirenso. Ndipo katundu amene alibe njira yomugulitsira mwachilungamo, monga makhadi abodzawo, umusiye pashelefu, pakuti mtengo uliwonse womwe ungatchule ndi wakuba.

Kuti zimenezi zitheke uyenera kumudziwa katundu wako kuposa momwe ukumudziwira lero, ndipo si zovuta. Dzuwa likawomba bwino limapereka pafupifupi 1,000W pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, ndipo mapanelo abwino a masiku ano amakolola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvuyo. Ndiye kuti panelo ya 200W yeniyeni kukula kwake kuyenera kuyandikira mita kwa mita. Kapanelo ka theka la mita mbali zonse sikangapite kutali ndi 50W, kaya pastika palembedwa chiyani. Tepi yoyezera ya akalipentala ikhoza kukuuza zoona pomwe stika ikunama. Kuseri kwa panelo kumakhalanso manambala awiri, Vmp ndi Imp, omwe ukawachulukitsa ayenera kukupatsa mphamvu yolembedwayo. Pa ma power bank, mabatire ozungulira aja a 18650 abwino kwambiri amasunga pafupifupi 3,500mAh limodzi. Kuti ufike 50,000mAh pafunika oposa 14, ndipo chinthucho chilemera kupitirira theka la kilogalamu. Kanthu kopepuka kolowa m'thumba la shati kakalembedwa 50,000mAh, usachite kufunsa. Ngakhale power bank yachilungamo ya 10,000mAh siidzaza kawiri foni ya 5,000mAh, chifukwa mphamvu ina imatayika posintha moto ndi potentha. Umuuze kasitomala zimenezo asanatuluke, asadzabwere akuti wamunamiza pomwe sunatero. Pa masipika, nambala yaikulu yolembedwa PMPO ndi yokopera maso chabe, yoti uitchule ndi ya RMS.

Pa mafoni, phunzitsa kasitomala kuimba *#06#. Ituluka nambala ya IMEI ya manambala 15, ndipo iyenera kufanana ndi ya pabokosi. Pa iPhone, nambala ya mtundu wa foni ikayamba ndi M ndiye kuti inagulitsidwa yatsopano, F ndi yokonzedwanso ndi kampani, N ndi yomwe munthu anapatsidwa m'malo mwa yowonongeka. Memory card ndi ma flash amayezedwa pakompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, yomwe imalemba m'malo onse n'kuwerenganso kuti ione ngati malowo alipodi. Khadi yeniyeni ya 64GB imaonetsa pafupifupi 59GB pakompyuta chifukwa cha kusiyana kwa kawerengedwe, ndipo chimenecho si chinyengo. Wogulitsa wodziwa zinthu ngati izi ndi wosowa mumsewu mwanumo, ndipo nzeruzi zidzapita nawe kulikonse komwe ungakagwire ntchito.

Sindikunamiza kuti ukayamba kunena zoona ndalama zichuluka. Mwina komishoni yako itsika, makamaka miyezi yoyamba, ndipo ukhala ukuona anzako akugulitsa pomwe iwe kasitomala wakuthokoza n'kutuluka chimanjamanja. Ena mwa iwo adzabwerera, adzatumiza abale awo kuti mukafunse mnyamata uja, koma zimenezo zimatenga nthawi ndipo sizilonjezedwa. Uwerengeretu kuti lendi ndi fizi zikufuna zingati pamwezi, udziwe pomwe ungafike osagwa. Mlongo wako ndi mayi ako ndi udindo weniweni, ndipo sindikuuchepetsa. Koma mayi a ku Thyolo aja nawonso ali ndi owadalira, ndipo fizi ya mlongo wako mwezi umenewo inachokera m'thumba mwawo.

Mayi amenewo uwafunefune. Ngati nambala yawo ili m'buku la malisiti kapena m'foni mwako, uwaimbire sabata ino, chifukwa pali china chomwe chikuwonongeka pamene ukuganizaganiza. Batire la sola la mtundu wa asidi likamakhala losadzaza tsiku ndi tsiku limafa msanga, ndipo likafa silidzukanso. Panelo yofooka yomwe unawagulitsayo ikupha batire lomwe anagula ndi ndalama zawo. Uwauze zoona: kuti mphamvu ya paneloyo ndi yochepa kuposa yolembedwa, kuti achepetse mafoni omwe akutchaja mpaka apeze ina, ndiponso kuti batire azilisiya lidzaze. Uwauze kuti asunge lisiti, ajambule stika ya kuseri kwa panelo, ndipo kuti ali ndi ufulu wokadandaula ku CFTC. Komishoni yomwe unalandira pa malonda amenewo uwabwezere, ngakhale pang'onopang'ono pa Mpamba kapena Airtel Money. Siikwana kugula panelo ina, koma ndi gawo lomwe linalowa m'thumba mwako, ndipo ndi lokhalo lomwe ungabweze osapempha chilolezo kwa munthu. Upepese osatchula abwana ngati chishango. Dziwa kuti akakadandaula, abwana akhoza kuganizira iwe. Ndikukuuza poyera kuti usadzati sindinakuchenjeze, komabe ndikuti uwaimbire.

Abwana ako ulankhule nawo pa awiri, sitolo itatsekedwa, osati pamaso pa anzako pomwe adzafune kuteteza ulemu wawo. Usapite ndi ulaliki, sadzakumvera. Upite ndi zomwe iwo amasamala. Uwauze kuti chikwangwani chija chikhoza kuwaitanira chindapusa, kuti masiku ano kasitomala mmodzi wopsa mtima akhoza kujambula sitolo n'kuiponya pa Facebook dzuwa lisanalowe, ndipo upemphe kuti mafoni ogwirapo ntchito akhale ndi shelefu yawoyawo, yolembedwa poyera, ndi galanti ya mwezi umodzi kapena itatu. Uwauze kuti iwe ndiwe wokonzeka kuiyang'anira shelefu imeneyo. Mabwana ena amalola akaona kuti phindu silithawa. Ena salola, chifukwa bizinesi yawo yonse inamangidwa pa kusiyana kwa mtengo wa chinthu chenicheni ndi chabodza, ndipo ukachotsa bodzalo sipatsala sitolo.

Ukapeza kuti abwana ako ndi a mtundu wachiwiriwu, ntchito imeneyo si yokhalitsa nayo. Koma utuluke mwanzeru. Yamba lero kufunsa kwa ogulitsa ovomerezeka a makampani a mafoni, kwa oika masola m'nyumba za anthu, kwa okonza mafoni amene angakuphunzitse madzulo kusintha sikirini ndi polowera tchaja. Funsanso za maphunziro a zamagetsi m'makoleji a TEVETA. Sunga kangachepe mwezi uliwonse, ndipo udziikire malire a miyezi ingapo, kuti kudikira mpata wabwino kusasanduke zaka zisanu ukumata mabokosi. Mayi ako uwauze zomwe zikuchitika, asamangodabwa kuti ndalama yachepa. Kawirikawiri makolo amapirira kuposa momwe ana awo amaganizira akauzidwa chifukwa chake.

Zikhoza kuchitikanso kuti abwana akuchotse iwe usanakonzeke. Lamulo la ntchito la 2000 limati wolembedwa ntchito sachotsedwa popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wonena mbali yake, ndipo kukana kunamiza makasitomala si chifukwa chomwe bwana angaime nacho molimba mtima pamaso pa akuluakulu. Milandu yotere imachedwa, usaiwerengere ngati chakudya cha mwezi wamawa, koma usaitayenso. Kuyambira pano lemba m'kabuku kako masiku ndi zomwe ukuuzidwa kuchita, sunga mauthenga a pa WhatsApp omwe abwana amakutumizira, ndiponso umboni wa malipiro omwe umalandira. Usatenge mabuku kapena katundu wa sitolo, zimenezo zingakusandutse iwe wolakwa. Akakuchotsa, upemphe kalata yonena chifukwa chake, upite nayo ku ofesi ya zantchito ya boma ku Blantyre, ndipo zikakanika kumeneko nkhaniyo imapita ku khoti la Industrial Relations.

Malume